Foni ili m'thumba, koma WhatsApp yanu yatsala pa kompyuta ya wina

Abale ndi alongo a muno mu Tongogara, ambiri a inu mumandidziwa ngati mmodzi wa anthu ongodzipereka amene timayenda m'zigawo za kampu kufalitsa mauthenga a ku ofesi ndi kuthandiza anthu kulemba mafomu. Ena mumabwera ndi mafoni anu kuti ndikukonzereni, moti ndinkadziona ngati katswiri. Koma mu Juni chaka chatha, ndili ku Harare, katswiri yemweyo ndinasiya mauthenga anga onse poyera kwa masiku 11, ndipo mlongo wanga anataya ndalama zimene anazivutikira. Ndakhala ndikuchita manyazi kuinena nkhaniyi. Ndaganiza zoilemba chifukwa mwezi uno wokha ndaona anthu atatu akuchita zomwe ndinachita ine.

Mmene zinayambira

Amalume anga anadwala ndipo anatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Harare. Ine ndinalandira chilolezo chowaperekeza. Iwo atagonekedwa, ndinkagona ku Mufakose kwa agogo ena a mpingo wa CCAP, amene makolo awo anachoka ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito mzindawu ukutchedwabe Salisbury. M'malokeshoni monga Mufakose, Mbare, Highfield, Dzivarasekwa ndi Mabvuku muli mabanja ambiri otere, ndipo Chichewa chimamvekabe m'nyumba ndi m'matchalitchi.

Tsiku lachitatu a ku chipatala anafuna makope a kalata yotumizira wodwala ndi chitupa cha amalume. Mapepalawo ndinali nawo ngati zithunzi mu WhatsApp. Ndinalowa m'kashopu kena ka pamashopu a m'lokeshoni, ka fotokope ndi kupulinta, kokhala ndi makompyuta atatu akale. Mnyamata wa pamenepo anatsegula WhatsApp Web pa kompyuta imodzi. Pagalasi panaoneka kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera kamene amati QR. Anandiuza m'Chishona kuti ndilozetse foni yanga pa kabokosiko. Ndinatero. Nthawi yomweyo macheza anga onse anaonekera pa kompyutapo. Tinasankha zithunzi ziwiri zija, tinapulinta, ndipo pepala lachiwiri litangotuluka, magetsi anazima.

Ndinafunsa kuti, "Achimwene, nanga WhatsApp yanga ija?" Iye anandiyankha kuti kompyuta ikazima zonse zimatsekeka zokha. Ndinali pachangu, nthawi yoona odwala inali itayandikira. Ndinalipira, ndinakwera kombi.

Patapita masiku 11, mlongo wanga wa ku Johannesburg anandiimbira. "Achimwene, ndalama ija mwatenga? Amalume alowa liti ku opaleshoni?" Ine ndinangoti kakasi. Panalibe opaleshoni iliyonse, ndipo sindinapemphe ndalama. Iye ananditumizira chithunzi cha macheza athu. Mauthenga anali ochokera pa nambala yanga, pali nkhope yanga, olembedwa m'Chichewa chodukaduka chotoleredwa m'mauthenga anga akale. Ankatchula dzina la amalume, wodi imene anagona, ngakhale dzina la matenda awo. Ankati foni yanga yawonongeka sipika, asandiimbire, ndalama atumize pa dzina la mnzanga. Mlongo wanga anatumiza maranda 1,500. Pa foni yanga mauthengawo munalibe chifukwa wolembayo ankawafufuta akangotumiza, ndipo ine masiku amenewo ndinkakhala nthawi yaitali wopanda data, foni ili yozima podikira magetsi.

Sindikunena kuti anali mnyamata wa m'shopu uja. Magetsi atabwera, aliyense amene anakhala pa mpando umenewo n'kutsegula WhatsApp Web anapeza macheza anga ali chitsegukire.

Loko wa WhatsApp amateteza chiyani?

Mukatsegula macheza atsopano pa WhatsApp, pamwamba pamabwera kachithunzi ka loko ndi mawu a Chingerezi onena kuti mauthenga ndi otsekedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira. Zimenezo n'zoona. Kuyambira mu Epulo 2016, uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umasandutsidwa zilembo zosamveka usananyamuke pa foni yanu, ndipo umamasulidwa ukafika pa foni ya mnzanuyo. Kampani ya netiweki, kaya ndi Econet kapena NetOne, singawerenge mawu ake. Mwini Wi-Fi sangawerenge. Ngakhale kampani ya Meta, yomwe ndi mwini WhatsApp, singawerenge mawu a m'kati. Pulogalamu ya Signal imachitanso chimodzimodzi, ndipo njira yotsekera imene WhatsApp imagwiritsa ntchito inachokera kwa anthu a Signal.

Koma taganizirani katundu amene mwatumiza pa basi kuchoka pa Mbare Musika ali m'sutikesi yokhoma. Kondakitala sangatsegule, wokwera nawo sangatsegule. Sutikesi ikafika kunyumba, wolandira amaitsegula n'kuyala katundu pamphasa. Kuyambira pamenepo loko uja watha ntchito. Chimene chimateteza katunduyo tsopano ndi chitseko cha nyumba.

Uthenga nawonso ndi chimodzimodzi. Panjira ndi wokhoma. Pamene ukuwerengedwa ndi wotsegula. Nyumba yake ndi foni yanu, ndipo chitseko chake ndi pini kapena chala chimene mumatsegulira foni. Mukalumikiza WhatsApp ku kompyuta, mwapatsa mauthenga anu nyumba yachiwiri. Ngati kompyutayo ndi ya m'shopu, nyumba yachiwiriyo ilibe chitseko, ndipo anthu amalowamo mosinthana tsiku lonse.

Kulozetsa foni pa QR n'kupereka kiyi

Ine ndinkaganiza kuti ndikutumiza zithunzi ziwiri ku kompyuta. Ambiri timaganiza choncho. Zoona zake n'zakuti ukalozetsa foni pa kabokosi kaja kudzera pa "Linked devices", umauza WhatsApp kuti kompyutayi ndi iwe amene. Kuyambira pamenepo kompyutayo imalandira macheza ambiri a m'mbuyomu, imalandira uthenga uliwonse watsopano, imatsegula zithunzi ndi mawu ojambulidwa, imaona magulu onse amene mulimo ndi manambala a anthu ake. Imathanso kulemba m'dzina lanu, ndipo wolandira saona kusiyana kulikonse.

WhatsApp Web itayamba mu Januwale 2015, kompyuta inkadalira foni. Foni ikazima kapena data ikatha, kompyuta nayo inkaima. Anthu ambiri, kuphatikizapo ena ogwira ntchito m'mashopu, akuganizabe kuti zili choncho. Zinasintha m'zaka za 2021 ndi 2022. Masiku ano nambala imodzi ingalumikizidwe ku zipangizo zina mpaka 4, ndipo chilichonse chimagwira ntchito pachokha ngakhale foni ili yozima m'thumba. Zimadzichotsa zokha foni yanu ikakhala masiku oposa 14 osalowa pa WhatsApp. Ngati mumalowa ngakhale kamodzi pa sabata, ndipo winayo akutsegula kompyuta ija kawirikawiri, kulumikizanako kumapitirira.

Kuzima kwa magetsi sikuchotsa chilichonse. Kutseka tsamba podina kamtanda ka pakona sikuchotsa. Kuchoka ku Harare kubwerera muno sikuchotsa. Chimene chimachotsa ndi kudina "Log out", pa kompyutapo kapena pa foni yanu.

Chifukwa chiyani kompyuta ndi yofooka kuposa foni?

Wina angati, "Ine ndimadina Log out nthawi zonse, ndiye ndilibe vuto." N'zabwino, koma pali zina zitatu zoti mudziwe.

Choyamba, chithunzi kapena pepala lililonse limene latsitsidwa kuti lipulintidwe limatsala pa kompyuta, m'malo otchedwa "Downloads" kapena pagalasi penipeni. Kutuluka mu WhatsApp sikulifufuta. Mukadzalowa m'shopu ya fotokope, tayang'anani pagalasi la kompyuta yawo. Nthawi zambiri mudzaona ma CV, zitupa, masatifiketi ndi makalata a anthu amene anachoka kalekale.

Chachiwiri, foni inapangidwa mwakuti pulogalamu iliyonse imakhala m'chipinda chakechake. Masewera amene mwaika pa foni sangangolowa m'chipinda cha WhatsApp kukawerenga mauthenga. Pa kompyuta ya Windows mapulogalamu ambiri amakhala ngati anthu ogona m'holo imodzi. Pulogalamu yoipa ikalowa, kawirikawiri imatha kufika pa mafayilo a inzake, kujambula zimene zili pagalasi, kapena kusunga chilembo chilichonse chimene mwalemba pa kiyibodi, kuphatikizapo pasiwedi ya imelo kapena ya Facebook. Mwini shopu mwina sakudziwa n'komwe kuti ilimo. Mavayirasi otere amalowa kudzera m'mafulashi a makasitomala ndi m'mapulogalamu otengedwa mwaulere pa intaneti.

Chachitatu, makompyuta ambiri a m'mashopu ndi akale. Kampani ya Microsoft inasiya kutseka mipata ya Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo thandizo la masiku onse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta imene siikukonzedwanso ili ngati nkhokwe imene chiswe chayamba kudya ndipo mwini wake wasiya kumata.

Si ife tokha

Musaganize kuti zimenezi zimangogwera anthu osaphunzira. Signal imadziwika kuti ndi imodzi mwa mapulogalamu otetezeka kwambiri, ndipo atolankhani ndi omenyera ufulu amaidalira. Koma mu 2018 anthu anaona kuti Signal ya pa kompyuta inkasunga kiyi yotsegulira mauthenga m'fayilo wamba, pafupi ndi mauthengawo, ngati munthu wokhoma chitseko n'kuika kiyi pansi pa mwala wa pakhomo. Nkhaniyi inabukanso mu Julayi 2024, ndipo pamenepo ndi pamene anthu a Signal anaikonza.

Mu Febuluwale 2025 akatswiri a kampani ya Google analengeza kuti magulu ogwirizana ndi dziko la Russia ankatumizira asilikali a ku Ukraine timabokosi ta QR tooneka ngati toitanira anthu m'gulu la Signal. Amene analozetsa foni yake analumikiza akaunti yake ku chipangizo cha mdani, ndipo mauthenga ake ankafika mbali zonse ziwiri. Mwezi wa m'mbuyo mwake, Januwale 2025, kampani ya Microsoft inali itanena za chinyengo chofanana nacho pa WhatsApp. Anthu amenewa sanathyole loko. Anangonyengerera mwini nyumba kuti awapatse kiyi.

Kwa inu amene muli pa Telegram, dziwani kuti macheza ake wamba ndi magulu ake alibe loko wa mtundu uja. Amasungidwa pa makina a kampaniyo, ndipo aliyense amene walowa mu akaunti yanu pa kompyuta amaona zonse kuyambira pachiyambi. Okhoma ndi okhawo amene amatchedwa "Secret chat", ndipo amenewo sapezeka pa kompyuta ya Windows.

Palinso njira yolumikizira popanda QR. WhatsApp imalola kulumikiza kompyuta polemba pa foni kodi ya zilembo ndi manambala 8. Akuba aphunzira kuigwiritsa ntchito ali kutali. Mumalandira uthenga, mwina kuchokera kwa mnzanu amene anabedwa kale, wakuti wapeza chithunzi chanu, dinani apa. Tsamba limene likutseguka limafunsa nambala yanu, kenako limakupatsani kodi yoti mulembe mu WhatsApp kuti muone chithunzicho. Mukalemba, mwalumikiza kompyuta ya wakubayo. Palibe chithunzi chimene chimafuna kodi yotere.

Kwa ife ngozi yake ndi yaikulu

Munthu wa ku Highfield akaberedwa WhatsApp, amataya ndalama ndi ulemu. Ifenso timataya zimenezo, koma tili ndi zina zoposa pamenepo. Tatsegulani foni yanu muone zimene zilimo. Muli zithunzi za chitupa cha othawa kwawo, nambala ya banja, khadi lolandirira thandizo, mapepala a kuchipatala. Ena muli ndi mauthenga okhudza nkhani yanu yopita kudziko lachitatu. Ena mumalankhula ndi abale amene anatsala kwanu, amene moyo wawo ungakhale pa chiswe zitadziwika kuti amalankhula nanu. Ena munathawa munthu amene mpaka lero sakudziwa kumene muli. Kwa mayi amene anathawa mwamuna wankhanza, uthenga umodzi wotchula chigawo chimene akukhala ndi wokwanira kubweretsa tsoka.

Wakuba amene wawerenga macheza anu amanama mosavuta. Akadziwa nambala ya nkhani yanu ndi tsiku limene munafunsidwa mafunso, angakuimbireni ngati wa ku ofesi n'kunena kuti fayilo yanu yaima, pakufunika kandalama. Mudzamukhulupirira chifukwa akudziwa zimene mumaganiza kuti a ku ofesi okha ndi amene amadziwa. Kumbukirani zimene timabwereza pamisonkhano yonse: thandizo la UNHCR ndi la mabungwe ogwira nawo ntchito ndi laulere. Kulembetsa, chitupa, kufunsidwa mafunso, kupita kudziko lachitatu, palibe cholipira. Wopempha ndalama ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina la mwana wanu womaliza.

Ndipo zimene zili m'foni yanu si zanu zokha. Mu WhatsApp yanga munali gulu la ife ongodzipereka, momwe timatchula mayina a odwala, a ana amasiye ndi a amayi amene akufunika thandizo lapadera. Kwa masiku 11 mlendo ankatha kuwerenga zonsezo. Ndalama ya mlongo wanga inandipweteka, koma chimene chinandisowetsa tulo ndi kukaima pamaso pa anzanga ndi oyang'anira athu kukawauza zimenezi.

Pali china chimene sitikonda kuchinena. Nthawi zina wolumikiza sakhala wa m'shopu, amakhala wa m'nyumba. Mwamuna, chibwenzi kapena wachibale amabwereka foni kwa mphindi imodzi, amailumikiza ku laputopu kapena ku foni yake ina, n'kubweza. Kenako amadziwa chilichonse chimene mwalemba. Ngati wina amakuuzani zinthu zimene munangolembera munthu mmodzi, yang'anani foni yanu. Ngati mukuopa kuti kuchotsa chipangizocho kungautse nkhanza, yambani mwalankhula ndi ogwira ntchito yoteteza anthu muno, pamaso, osati pa WhatsApp imeneyo.

Chitani izi lero

Sizifuna data yambiri ndipo sizitenga mphindi 5.

Tsegulani WhatsApp. Pa foni ya Android dinani timadontho titatu ta pamwamba kudzanja lamanja, kenako "Linked devices". Pa iPhone lowani mu "Settings", kenako "Linked devices". Ngati foni yanu ili m'Chifalansa, m'Chipwitikizi kapena m'Chiswahili, mawu ake ndi ena koma malo ndi omwewo. Mukapeza mulibe kanthu, thokozani. Mukapeza dzina ngati "Google Chrome" kapena "Windows", pansi pake pamalembedwa nthawi imene chipangizocho chinagwiritsidwa ntchito komaliza. Ngati simukuchidziwa, kapena ndi cha m'shopu, chidineni ndipo sankhani "Log out". Mungachite zimenezi muli muno, kompyutayo ili ku Mbare. Ine nditayang'ana tsiku limene mlongo wanga anaimba, ndinapeza kuti kompyuta ija inali italowa m'mawa womwewo.

Pa Telegram lowani mu "Settings", kenako "Devices", ndipo mutseke zonse zimene simukuzidziwa. Pa Signal ndi "Settings", kenako "Linked devices".

Ikani pini kapena chala pa foni yanu. Foni yokhoma imafunsa kuti mutsimikize kuti ndinu musanalumikize chipangizo chatsopano, choncho wobwereka sangalumikize mwakabisira. Pini isakhale 1234 kapena chaka chimene munabadwa.

Mu WhatsApp lowani mu "Settings", "Account", kenako "Two-step verification", ndipo ikani pini ya manambala 6. Imeneyi imaletsa munthu kulanda nambala yanu yonse n'kuiika pa foni ina. Koma dziwani kuti siichotsa kompyuta imene munalumikiza kale. Ntchito imeneyo ndi ya "Log out" yekha. Ndipo kodi ya manambala 6 imene imabwera pa SMS musauze aliyense, ngakhale atanena kuti anaitumiza kwa inu molakwitsa.

Fufutani mapepala amene simukuwafunanso m'macheza. Pa nkhani zachinsinsi mungatsegule "Disappearing messages", kuti mauthenga azifufutika okha pakapita maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Chimene kulibe, wakuba sangachiwerenge.

Zolowerani kuyang'ana "Linked devices" kamodzi pa sabata, ndiponso nthawi iliyonse foni ikachoka m'manja mwanu: kotchajitsa, kokonzetsa, kapena mukabwereka munthu.

Mukafuna kupulinta

Sindikunena kuti tisiye kupita ku mashopu. Tonse timafuna makope, ndipo anyamata a m'mashopu ambiri ndi anthu okhulupirika amene akungofuna kudya. Koma perekani pepala limodzi limene likufunika, osati nyumba yonse.

Ngati muli ndi pepala lenileni m'manja, chitani fotokope wamba. Sipafunika kompyuta. Ngati lili pa foni, pemphani nambala ya WhatsApp ya shopuyo n'kutumiza pepala lokhalo, kapena litumizeni pa Bluetooth. Akatha kupulinta, pemphani mwaulemu kuti alifufute muli pomwepo, m'macheza, mu "Downloads" ndi m'bini ya pa kompyuta yotchedwa "Recycle Bin". Tengani mapepala onse, ngakhale amene atuluka molakwika. Musawasiye m'katoni ya zinyalala. Ena amachita manyazi kupempha zimenezi poopa kuoneka ngati akukayikira munthu. Ingonenani kuti, "Achimwene, mapepalawa ndi a wodwala, tiyeni tifufute limodzi." Chiyambireni kupempha choncho sindinakanidwepo.

Ngati palibiretu njira ina koma kulumikiza, pemphani kuti atsegule tsamba lachinsinsi limene pa Chrome amati "Incognito", chifukwa limaiwala kulowa kwanu likatsekedwa. Ngati pansi pa QR pali kabokosi kakuti mukhalebe olowa pa kompyutayo, chotsani kachizindikiro kake. Khalani inuyo pa mpando, musachokepo. Mukamaliza dinani "Log out", ndipo musanatuluke pakhomo tsimikizani pa foni yanu kuti chipangizocho chachoka. Magetsi akazima pakati, chotsani kudzera pa foni nthawi yomweyo. Ngati data yatha, gulani ya pang'ono kapena pemphani wina akugawireni musanakwere kombi.

Kwa anzanga ongodzipereka ndi onse amene mumagwiritsa ntchito laputopu ya ofesi, ya sukulu kapena ya mpingo: laputopu yogwiritsa anthu ambiri ndi chimodzimodzi ya m'shopu. Musasiyepo WhatsApp yanu usiku. Ngati laputopu ndi yanuyanu, iikeni pasiwedi, ikhomeni mukamadzuka, lolani kuti izidzikonza ikapempha, ndipo WhatsApp kapena Signal muitenge pa tsamba lake lenileni, osati pa fulashi ya mnzanu.

Ngati zachitika kale

Musataye nthawi ndi manyazi. Choyamba jambulani tsamba la "Linked devices" kuti mukhale ndi umboni, kenako chotsani chipangizocho. Imbirani abale amene amakutumizirani ndalama, muwauze ndi mawu anu kuti asatumize chilichonse asanamve mawu anu. Uzani magulu amene mulimo. Ngati munalemba pasiwedi ya imelo kapena ya Facebook pa kompyuta imeneyo, isintheni. Ngati munali zitupa kapena nkhani ya fayilo yanu, kauzeni a ku ofesi yoteteza anthu kuti akhale tcheru. Ngati ndalama yatumizidwa, wotumizayo aimbire kampani yotumizira ndalamayo msanga, chifukwa nthawi zina imaimitsidwa isanatengedwe. Kanenaninso ku polisi. Dziko la Zimbabwe linakhazikitsa lamulo la Cyber and Data Protection Act mu 2021, ndipo kulowa m'mauthenga a munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu. Lamulo limeneli limatetezanso ife othawa kwathu.

Ndalama ya mlongo wanga sinabwere. Inali itatengedwa tsiku lomwelo. Iye sanandikalipire, anangoti, "Achimwene, bola amalume ali moyo." Amalume anachira, ali muno, ena mumawaona kudimba. Tsopano pabanja pathu tinagwirizana kuti nkhani ya ndalama siyenda pa uthenga wolemba. Wofuna thandizo aimbe, amveke mawu, ndipo pali funso lina la kwathu limene timafunsana lomwe mlendo sangaliyankhe. Inunso gwirizanani zotere ndi abale anu a ku Harare, ku Johannesburg, ku Lilongwe kapena kutsidya kwa nyanja, koma mugwirizane poimba, osati polemba.

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Musanapinde pepalali, tsegulani foni yanu muyang'ane "Linked devices". Mukatero thandizaninso agogo, amayi ndi oyandikana nawo amene sawerenga Chingerezi, foni ili m'manja mwawo, inu mukungowalozera podina. Amene zikukuvutani, tiimitseni ife ongodzipereka tikamadutsa m'chigawo chanu. Sitidzakufunsani pini yanu, ndipo sitilipiritsa.